Mbiri ya Ntchito ya Wojambula Makatuni

Pa phiri la Khondowe, m'boma la Rumphi, Dr Robert Laws anakhazikitsa sukulu yaikulu ya Livingstonia m'chaka cha 1894. Anyamata a pa sukuluyo sanali kuphunzira uphunzitsi wokha, koma ena anaphunzira kupala matabwa, ena kumanga, ndi ena kusindikiza mabuku. Masiku amenewo kusindikiza mawu kunali kwapafupi, pakuti zilembo zazitsulo zinali kusanjidwa ndi manja, ndipo tsamba likatha anali kuzimasula ndi kuzisanjanso. Koma chithunzi chinali chovuta, popeza chinayenera kuzokotedwa pa thabwa kapena pa chitsulo chisanapite ku makina. Ichi ndicho chifukwa china chimene mawu anatsogola m'masamba osindikizidwa, zithunzi zikutsatira pambuyo.

Luso lokamba nkhani ndi zithunzi zotsatana linakula m'manja mwa mphunzitsi. Rodolphe Töpffer, amene anali ndi sukulu yake ku Geneva, anali kujambula nkhani zoseketsa kuti akondweretse ophunzira ake, ndipo cha m'ma 1830 anayamba kuzisindikiza. Iye anagawa tsamba m'timabokosi, nalemba mawu pansi pa kabokosi kalikonse. Pambuyo pake magazini ya Punch, imene inayamba ku London m'1841, inazoloweretsa anthu kuyembekeza chithunzi chatsopano mlungu ndi mlungu.

M'dziko muno ntchitoyi inadziwika kwambiri chifukwa cha Vic Kasinja, mwini wa Joza, ndi Brian Hara, mwini wa Pewani. Pewani anali kutuluka mu Malawi News, nyuzipepala ya kumapeto kwa mlungu yosindikizidwa ku Blantyre, ndipo ikafika kutali monga ku Rumphi, pepala limodzi linali kuyenda m'manja mwa anthu ambiri. Ngakhale mwana wosadziwa bwino kuwerenga anali kutha kutsata nkhani poyang'ana nkhope ndi manja a anthu ojambulidwawo.

Mlungu wa wojambula wotere uyamba ndi kumvetsera. Iye apita ku msika, akwera basi, namva zimene zili kuwawa anthu kapena kuwaseketsa. Akapeza mutu, aulemba mofulumira ndi pensulo m'timabokosi titatu kapena tinayi: koyamba kasonyeza anthu ndi malo, kachiwiri kabweretsa vuto, kotsiriza katembenuza nkhani. Mawu ayenera kuikidwa chithunzi chisanathe, kuti asasowe malo. Tsono adutsitsa inki yakuda pa mizere ya pensulo, nafufuta zotsala, napereka kwa mkonzi nthawi isanakwane, pakuti makina sadikira munthu. Nkhope ya Pewani wa mlungu uno iyenera kufanana ndi ya mlungu watha, apo ayi owerenga samzindikira. Kupirira kumene ntchitoyi ifuna kuoneka mwa Charles Schulz wa ku America, amene anajambula Peanuts yekha kuyambira 1950 kufikira 2000.

Ojambula a kuno anali ndi katundu winanso. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loyang'anira zosindikizidwa ndi zamasewero, ndipo m'ulamuliro wa chipani chimodzi kuseka Dr Kamuzu Banda pa pepala kunali kudziitanira ndende. Chotero iwo anatembenukira ku moyo wa munthu wamba, nasonyeza zofooka zake za tsiku ndi tsiku, monga aja a nthano amene aloza kalulu pofuna kudzudzula munthu. Zinthu zinasintha pa nyengo ya referendamu ya pa 14 June 1993, pamene nyuzipepala zatsopano zinachuluka ndi atsogoleri a ndale anayamba kujambulidwa poyera. Pambuyo pake James Kazembe anatchuka ndi Amtchona.

Mphunzitsi wa pulaimale ali ndi phunziro m'mbiri imeneyi. Wojambula sachulutsa mizere. Asankha yochepa yonyamula tanthauzo lonse, naichita pa nthawi yake mlungu uliwonse. Mphunzitsi wa ku Bolero kapena ku Mhuju, amene alibe mabuku okwanira ana onse, ali nacho choko ndi bolodi. Akagawa bolodi patatu, najambula nthano m'timabokosi, nasiya kotsiriza kopanda mawu kuti ana alembemo okha m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, adzakhala akuphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi kuganiza pa phunziro limodzi.