Mfulu Wopanda Munda: Za America Itatha Nkhondo ya Ukapolo

Pa 9 April 1865, pa mudzi waung'ono wochedwa Appomattox m'cigawo ca Virginia, kazembe Robert E. Lee anagonja pamaso pa kazembe Ulysses S. Grant. Kugonja kumeneku ndiko kunazimitsa nkhondo yapaciweniweni ya ku America, imene inayaka zaka 4. Zigawo 11 za Kumwera zinali zitapanduka kuti zikhale dziko pa zokha, ndi kusunga akapolo amene anali kuzilimira thonje, fodya, mpunga ndi nzimbe. Zigawo za Kumpoto zinakana kuti dziko ligawike, ndipo pa 1 January 1863 Pulezidenti Abraham Lincoln analengeza kuti akapolo a m'zigawo zopandukazo ndiwo mfulu. M'nkhondomo munafa asilikari oposa 620,000, ndipo akapolo pafupifupi 4 miliyoni anamasuka.

Mfuti zitakhala cete, panatsala milandu iwiri. Woyamba ndiwo wa opanduka aja: kodi adzakhala bwanji m'dziko limodzi ndi amene anawagonjetsa? Waciwiri ndiwo wa munthu amene dzulo anali cuma ca mnzace: kodi adzalima kuti, ndipo adzamchinjiriza ndani? M'zaka 12 zotsatira, mlandu woyamba unatha, koma unatha mwa kutaya waciwiri.

Lincoln sanakhale ndi moyo kuti aweruze milanduyi. Anamuombera mfuti pa 14 April 1865, namwalira m'mawa mwace. Pa mpando pace panakhala Andrew Johnson wa ku Tennessee, munthu amene kale anali ndi akapolo ace. Iye anafulumira kukhululukira eni minda a Kumwera ndi kuwabwezera katundu wao.

Tsono pa kubweza kumeneku ndipo panagona tsoka la akapolo omasulidwa. M'mwezi wa January 1865 kazembe William T. Sherman anali atapatula dziko la m'mbali mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi Florida, kuti banja liri lonse la omasulidwa lilandire maekala osaposa 40. Anthu ngati 40,000 anakhazikika kumeneko, nadzala mbeu zao. Caka cisanathe, Johnson analamula kuti minda ibwerere kwa eni ace akale, ndipo ambiri a iwo anacotsedwa ndi asilikari a boma lomwelo limene linawamasula.

Akulu anati, madzi saiwala khwawa. Eni akapolo akale atalowanso m'maboma a zigawo zao, anapanga malamulo ochedwa Black Codes. Ku Mississippi munthu wakuda ali yense anayenera kukhala ndi kalata mwezi wa January caka ndi caka, yosonyeza kuti ali pa nchito ya munthu wakuti. Wosiya nchito pangano lisanathe anataya malipiro ace onse, ndipo anagwidwa ndi kubwezedwa kwa bwana wace. Wopezeka wopanda nchito analipitsidwa ngati mlova, ndipo akalephera kulipa, anampereka kwa mwini munda amene wamlipirira.

Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, yochedwa Congress, poona zimenezi inakwiya, nilanda nchito yonse m'manja mwa Pulezidenti. M'caka ca 1867 inagawa zigawo 10 za Kumwera m'madera 5 olamulidwa ndi asilikari, nilamula kuti cigawo cisabwerere m'Nyumbamo kufikira amuna akuda ataloledwa kuponya voti. Mu 1868 inaimba Johnson mlandu wofuna kumcotsa pa mpando, ndipo iye anapulumuka ndi voti imodzi yokha. M'zaka zomwezo mau atatu anaonjezedwa m'Malamulo Akulu a dziko. Coonjezera ca 13, ca mu 1865, cinathetsa ukapolo. Ca 14, ca mu 1868, cinati wobadwira m'dzikomo ndiye mbadwa, ndipo lamulo limchinjirize monga lichinjiriza ena onse. Ca 15, ca mu 1870, cinaletsa kumana mwamuna voti cifukwa ca khungu lace.

Kwa kanthawi zinthu zinaoneka zacilendo ndithu. Anthu amene anagulitsidwa kutali anayenda mitunda yambiri kufunafuna akazi ao ndi ana ao, ndipo maukwati amene lamulo la ukapolo silinawawerenge analembetsedwa. Ofesi ya boma yochedwa Freedmen's Bureau, pamodzi ndi mipingo ya Kumpoto, inathandiza kutsegula masukulu, momwe nkhalamba zinakhala pa benchi limodzi ndi adzukulu ao kuphunzira kuwerenga. Masukulu apamwamba a Fisk, Howard ndi Hampton anayamba pakati pa 1866 ndi 1868. Anthu akuda pafupifupi 2,000 anakhala pa maudindo a boma, ndipo 16 analowa mu Congress; woyamba ndiye Hiram Revels wa ku Mississippi, mu 1870.

Koma voti ya munthu wolima m'munda wa mwini siikhala ndi mphamvu. Omasulidwa ambiri analowa m'ulimi wogawana zokolola. Mwini munda anapereka malo, nyulu ndi mbeu, ndipo cakudya ca banja cinatengedwa pa ngongole ku sitolo. Pokolola, mwini munda anatenga theka lace, ngongole nidya theka linalo, ndipo popeza buku la ngongole linali m'manja mwa wokongoza, mlimi anayamba caka catsopano ali ndi mangawa a caka catha. Pamwamba pa umphawi panadza ciopsezo. Gulu la Ku Klux Klan, limene linayamba ku Pulaski m'Tennessee nkhondo itangotha, linayenda usiku kutentha masukulu, kukwapula aphunzitsi ndi kupha atsogoleri akuda. Grant, amene anakhala Pulezidenti mu 1869, analithyola gululi ndi lamulo la mu 1871, koma magulu ena anadzuka, oyenda masana ndi nkhope zosabisa. Ku Colfax m'Louisiana, mu 1873, anthu akuda makumi ambiri anaphedwa tsiku limodzi, ndipo Bwalo Lalikulu la Milandu linamasula akuphawo mu 1876.

Pa nthawi imeneyo anthu a Kumpoto anali atatopa. Mu 1873 malonda anagwa, mafakitale natseka, ndipo mitima ya anthu inatembenukira ku matumba ao. Masankho a Pulezidenti a mu 1876 anautsa mkangano, mbali zonse ziwiri zikunena kuti zapambana. Akulu a zipani anapangana: Rutherford B. Hayes wa cipani ca Lincoln anatenga mpando, ndipo mu 1877 anacotsa asilikari amene anali kulonda maboma a South Carolina ndi Louisiana. Azungu a Kumpoto ndi a Kumwera anagwirana canza, dziko nilikhalanso limodzi, ndipo mtengo wa ciyanjano cimeneci analipa ndi anthu akuda.

Anthu a m'migodi ayenera kudziwa mbali imodzi ya mtengowo. Coonjezera ca 13 cinasiya khomo lotseguka, pakuti cinalola nchito yokakamiza monga cilango ca wopalamula. Cotero maboma a Kumwera anagwira anthu akuda pa milandu yaing'ono, nawabwereketsa kwa makampani a malasha ku Alabama ndi Tennessee. Mkaidi sanalandire malipiro, ndipo akafa pansi, kampani inangotenga wina. Ocemba malasha olipidwa anaona kuti akaidiwo agwiritsidwa nchito kutsitsa malipiro ao ndi kuthyola sitalaka zao. Mu 1891, ku Coal Creek m'Tennessee, iwo anatenga mfuti, natsegula misasa ya akaidi ndi kuwamasula. Tennessee analeka mcitidwewu zaka zocepa pambuyo pace, koma Alabama anaupitiriza kufikira 1928.

Voti nayo inalandidwa mwa misonkho ndi mayeso a kuwerenga. Ku Louisiana anthu akuda oposa 130,000 anali olembedwa m'kaundula wa masankho mu 1896. Pofika 1904 anatsala osakwana 1,400. Mu 1896 momwemo Bwalo Lalikulu linabvomereza kupatula mitundu m'sitima za pamtunda, ndipo tsankho linafalikira m'masukulu ndi m'zipatala.

Komabe mau aja oonjezedwa m'Malamulo Akulu sanafafanizidwe. Adzukulu a akapolo anabwera nao ku bwalo, ndipo mu 1954 Bwalo Lalikulu, poima pa coonjezera ca 14, linaletsa tsankho m'masukulu a boma. Lamulo la mu 1964 linaletsa tsankho pa nchito ndi m'malo a anthu onse, ndipo la mu 1965 linabweza voti Kumwera, patapita zaka 100 cigonjere kazembe Lee. Za minda ija ya maekala 40, palibe lamulo linadza kudzaibweza.