Dzino loyenda mobisika m'nsagwada

Munthu wamkulu amakhala ndi mano anayi osongoka, ong'ambira nyama ndi nzimbe. Awiri a m'munsi amamera mwana akafika zaka 9 kapena 10. Mwa anthu ochepa kwambiri, limodzi mwa awiriwa silituluka. Limagona chopingasa m'fupa la nsagwada n'kumasendera pang'onopang'ono mpaka kudutsa pakati pa chibwano, kulowera mbali inayo. Madokotala a mano amatcha zimenezi transmigration.

Mu 2002 katswiri wina, Muralidhar Mupparapu, adagawa mayendedwe a dzinoli m'magulu asanu. Lopezeka kawirikawiri ndi la dzino lopendekera limene nsonga yake yangodutsa pakati. Lina limagona pansi pa mizu ya mano akutsogolo, lina limafika kunsi kwa mano otafunira a mbali inayo, lina limamera pambali pa linzake, pomwe lina limaimirira pakati penipeni. Kafukufuku amaonetsa kuti vutoli limapezeka kwambiri mwa akazi kusiyana ndi amuna.

Zimene akatswiri amaziganizira kuti zimayambitsa ndi mbewu ya dzino yokhala mopotoka, kuguluka msanga kwa mano aubwana, chotupa chotseka njira, ngozi ya paubwana komanso chibadwa cha kumtundu.

Nthawi zambiri dzinoli silipweteka. Chizindikiro ndi dzino laubwana losaguluka kufikira zaka 13 kapena 14, mpata wosatsekeka, kapena kutupa pachibwano. Likalekereredwa lingadye mizu ya mano ena kapena kuyambitsa chotupa cha madzi m'fupa. Limaoneka bwino pa X-ray yojambula nsagwada yonse.

Likadziwika msanga, dokotala angathe kulikokera pamalo pake ndi mawaya. Likapita patali amalichotsa pa opaleshoni, kapena amalisiya n'kumaliunika nthawi ndi nthawi. Pochotsa amabaya dzanzi mbali zonse ziwiri chifukwa mtsempha wake umakhalabe wochokera mbali imene lidayambira.

Kwa anthu a ku Zalewa m'boma la Neno, poyambira ndi chipatala chapafupi, chimene chingawatumize ku Queen Elizabeth Central Hospital mu mzinda wa Blantyre. Madokotala a mano ndi ochepa m'Malawi muno. Maphunziro awo a digiri adayamba mu 2019 pasukulu imene tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences. N'chifukwa chake diso la kholo ndi lofunika: dzino losongoka likamera mbali imodzi, linalo osaoneka chaka chathunthu, mwana akapimidwe.