Lupsa ndi Fodya kwa Mwase

Makolo athu kwa Mwase sankaopa lupsa kwenikweni. Tchire likauma ankalitentha posaka nyama, ana n'kumakumba mbewa. Mantha anadza m'zaka za m'ma 1970, pamene Press Farming, General Farming ndi bungwe la KFCTA anakulitsa ulimi wa fodya wa kampopi ku Kasungu. Fodyayu amadya nkhuni zambiri, choncho milu ya mombo yodulidwa m'chilimwe inkaunjikidwa pafupi ndi mabani. Kamtengo kamodzi ka machesi kankatha kupsereza nkhuni za chaka chonse. Ine ndimaona kuti chimene chinkawagonetsa tulo alimi si alonda ayi, koma kulambula m'mbali mwa milu mu Juni, udzu usanaumitse, ndi kutentha tchire loyandikira madzulo mphepo italeka.