MOYALE: MAKOLO ATHU M'CHIPULULU, AMAYI ATHU PA MAONDO

Lero nkhani ndi yaitaliko, ndiye khalani pansi bwinobwino. Makamaka inu mayi amene bambo a kunyumba ali kutali ndi ntchito ya usilikali, ndi inu makolo amene mwana wanu anavala yunifolomu, iyi ndi yanu.

Mukamva dzina loti Moyale, ambiri mumaganiza za timu ya mpira ya asilikali a ku Mzuzu, eti? Komatu Moyale ndi tawuni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo dzinali anabwera nalo kuno ndi agogo athu. Pa 10 Juni 1940 dziko la Italy linalowa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kumbali ya Hitler. Nthawi imeneyo Ethiopia anali m'manja mwa Ataliyana, Kenya m'manja mwa Angerezi, monganso ife a Nyasaland. Gulu la nkhondo la King's African Rifles, lija akuluakulu amangoti KAR, linali ndi mabataliyoni awiri ochokera kuno, yoyamba ndi yachiwiri, ndipo kwawo kunali ku Zomba. Mu Julayi 1940 kampani imodzi ya bataliyoni yoyamba inazingidwa pa Moyale ndi adani ochuluka kuposa iwo. Anyamata aja anapirira mizinga kwa masiku, kenako anatuluka usiku, kudutsa pakati pa adani mwakachetechete.

Mwezi wotsatira, anzawo a bataliyoni yachiwiri, pamodzi ndi abale athu a Northern Rhodesia Regiment ochokera ku Zambia ya lero, anali ku Somaliland, pamalo otchedwa Tug Argan. M'Chisomali tug ndi khwawa louma, lodikira mvula. Anamenyana kuyambira pa 11 mpaka pa 15 Ogasiti, nabwerera ku doko la Berbera, kumene sitima zapamadzi zinawaolotsera ku Aden. Sikanali koyamba ana a dziko lino kuponda mchenga umenewo. Cobbe Barracks ya ku Zomba inatenga dzina la Alexander Cobbe, amene anatsogolera asilikali athu ku Somaliland komweko mu 1902, ndipo mu Epulo 1903 ambiri a bataliyoni yachiwiri anathera pa Gumburu.

Tsono tamverani. Mabuku amakonda kulemba masiku a nkhondo, koma masiku ambiri a msilikali anali odikira. Taganizani mnyamata wokulira m'mphepete mwa Shire, kapena wa ku Mulanje kumene madzi amangotsika m'phiri osagula. Lero ali m'dziko la minga ndi miyala yakuda, kopanda mtengo wa mango woti n'kuusapo. Madzi akubwera pa lole kapena pa ngamila, ochita kuyeza. Omwewo amwe, omwewo aphikire nsima, otsala asukusule. Zitsime zina madzi ake amchere, ukamwa ludzu likuchita kuwonjezeka. Kukacha ndi lipenga, perete, kupukuta mfuti chifukwa fumbi limalowa paliponse, kukumba maenje obisalamo panthaka yokana fosholo. Masana dzuwa lowotcha ngati ng'anjo. Usiku ulonda, maso ali tcheru, mtima uli kumudzi. Ndiwo ndi nyama ya m'chitini, lero, mawa, mkuja. Ena sanaphedwe ndi chipolopolo ayi, anatengedwa ndi kamwazi ndi malungo.

Nanga anatsamira pa chiyani? Baibulo lathunthu m'chilankhulo chathu, Buku Lopatulika, linali litatsirizidwa kale mu 1922. Amene anadutsa pa sukulu ya mishoni ankatha kuwerengera anzawo. Kunali abusa ndi alaliki oyenda ndi asilikali, koma gulu likamwazikana m'tchire, m'busa wako amakhala mnzako wa m'dzenje limodzi. Tisaiwalenso kuti ambiri mwa asilikaliwo anali Asilamu, makamaka a Chiyao, ndipo iwonso ankagwada pamchenga womwewo, ludzu lake lomwelo. Mukadzawerenga Salmo 63, lija Davide anaimba ali m'chipululu cha Yuda, mudzakumbukire kuti alipo agogo athu amene analimva pakhosi pawo penipeni.

Tiyeni tsopano tibwerere kumudzi, pakuti nkhondo imeneyi inamenyedwanso pakhonde. Mayi watsala ndi ana, munda ndi nkhokwe. Kusosa yekha, kupalira yekha, denga likadontha akapemphe achimwene ake. Foni kunalibe abale anga. WhatsApp kunalibe. Kunali kalata basi, yoyenda masabata kapena miyezi, ndipo isanachoke kumsasa akuluakulu ankayamba aiwerenga, kuopa kuti ingaulule kumene gulu lili. Msilikali wosadziwa kulemba ankauza mnzake mawu. Mkazi wosadziwa kuwerenga ankapita nayo kwa aphunzitsi kapena kwa mkulu wa mpingo. Ndiye taonani, mawu a mwamuna kwa mkazi wake ankadutsa m'kamwa mwa anthu awiri asanafike. Za kumtima zambiri zinkatsala zosanenedwa. Kandalama kamene msilikali wapatula pa malipiro ake kankadzera kuboma, mayi n'kuyenda wapansi mtunda wautali kukalandira.

Ndipo kalata ikafika yonena kuti ndili bwino, inali nkhani ya kale. Amene analembayo mwina lero ali kwina, mwina kulibe. Mayi ankapempherera munthu amene sakudziwa ngati akupuma. Chikhulupiriro chake chinalibe choonera, chinali cha tsiku ndi tsiku ngati mana a m'chipululu: kusonkhanitsa ana madzulo nsima ikatha, kutchula dzina la bambo awo pamaso pa Mulungu, kugona, kudzuka, kutenga khasu. Haleluya!

Koma ndisakunamizeni. Si onse anabwerera. Ataliyana anagonja ndithu: Mogadishu inagwa mu Febuluwale 1941, Addis Ababa mu Epulo, Gondar mu Novembala. Koma m'malo mobwerera kwawo, asilikali athu anapitirira ku Madagascar mu 1942, ena mpaka ku nkhalango za Burma mu 1944. Mabanja ena anadikira mpaka nkhondo itatha mu 1945. Ena analandira uthenga wodzera kwa bwana DC ndi kwa amfumu, n'kulira maliro opanda mtembo. Ku Hargeisa ndi ku Nairobi kuli zipilala zolembedwa maina a asilikali amene manda awo sadziwika. Kodi amayi awo sanapemphere? Anapemphera, mwina kuposa inu ndi ine. Choncho munthu asakuuzeni kuti wamasiye wa msilikali anachepa chikhulupiriro. Ahebri 11 amawerenga pamodzi amene anapulumuka lupanga ndi amene anaphedwa nalo, onsewo m'kaundula mmodzi wa chikhulupiriro. Mwamva kodi?

Lero ana athu akupitabe kukasungitsa mtendere kunja, monga momwe anapitira ku DRC, ndipo kudikira kwake ndi komwe kuja. Foni ilipo, koma ikangokhala chete masiku atatu, tulo timatha m'nyumba. Tsono mpingo, ntchito yathu nayi. Mutu umodzi susenza denga. Musadikire maliro kuti mukaonekere pakhomo la msilikali. Pitani lero. Amayi, kachezeni naye mnzanuyo, mufunse ngati ufa ulipo, ndipo miseche muisiye pachipata. Abambo, ngati denga likudontha kakonzeni masana, muli awiri kapena atatu, kuti dzina la mlongo wathu lisadetsedwe. Achinyamata, thandizani ana ake ntchito ya kusukulu. Ndipo inu mayi amene mukudikira, musabise dzina la bambo kwa ana poopa kuti alira. Litchuleni m'pemphero usiku uliwonse. Mulungu amene anamva kulira kwa mwana wa Hagara m'chipululu cha Beereseba, madzi atatha m'thumba, makutu ake sanagonthe.

Ngati muli ndi wanu amene ali kutali, musalembe dzina lake kapena malo amene ali, ingolembani kuti "wanga", tidzamunyamula m'mapemphero a sabata ino. Ngati agogo anu anali a KAR ndipo alipo wamkulu wokumbukira nkhani zawo, kamufunseni akadali moyo. Tumizani uthengawu kwa banja la msilikali limene mukulidziwa. Ambuye akusungeni, pamodzi ndi iwo amene ali kutali. Amen.