Wotumidwa Sasankha Kopita

Kuno ku Nkhudzi amishonale tinawadziwa kale. Ku Cape Maclear, komwe si kutali ndi kwathu, kuli manda a anthu a mishoni ya Livingstonia omwe anafika pa sitima ya Ilala mu 1875, Dr Robert Laws ali m'gululo. Malungo anapha angapo, ndipo mu 1881 otsalawo anasamukira ku Bandawe atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Ansembe a White Fathers nawo anayesa kwa Mponda mu 1889, pofika 1891 n'kuti atachoka. Anthu amenewo ankanyamuka osadziwa ngati adzapondanso kwawo.

Anyamata a Mormon amene ndimakumana nawo ku Limbe ndikapita ndi usipa wouma ndi amtundu wina. Amayenda awiriawiri, shati yoyera, tayi pakhosi ngakhale dzuwa liswe mtengo, kabaji kakuda pachifuwa kolembedwa "Elder". Iwowa tsiku lobwerera amalidziwa: mwamuna amatumikira miyezi 24, mkazi 18. Chimene sasankha ndi dziko lopitako.

Mnyamata akakwana zaka 18 (chisanafike chaka cha 2012 zinali 19) amafunsidwa mafunso ndi bishopu wake, kupimidwa kuchipatala, kenako mapepala amapita kulikulu ku Salt Lake City. Kumeneko mmodzi wa atumwi 12 a mpingowo amayang'ana chithunzi chake pa kompyuta, kupemphera, n'kutchula dera. Basi, yatha. Ngakhale mnzake wogona naye nyumba imodzi amachita kumusankhira pulezidenti wa mishoni, ndipo pakatha masabata 6 alionse pamakhala msamuko. Mpaka 2019 ankaimba foni kwa makolo kawiri kokha pachaka. Lero ndi sabata iliyonse.

N'chifukwa chake awiri ochokera mudzi umodzi amabwerako ndi nkhani zosiyana. Wotumizidwa ku Ulaya amatha kugogoda zitseko mpaka zala kutupa, omumvera osaoneka. Wobwera kuno amayalidwa mphasa, kupatsidwa nsima, koma kudziwa ngati "tidzabwera Lamulungu" ndi lonjezo kapena ulemu chabe, pamenepo ndiye pali ntchito.

Mpingowu unachedwa kufika kwathu, ndipo chifukwa china sitingachibise: mpaka 1978 munthu wakuda sankaloledwa unsembe. Nthambi yoyamba m'Malawi inatsegulidwa mu 1999 m'mudzi wa Sitima, cha ku Liwonde. Ntchito ya mpingowu m'dziko lathu inkayang'aniridwa kuchokera ku Harare mpaka 2011, pamene anakhazikitsa mishoni ya Zambia Lusaka. Masiku ano ana a ku Malawi nawonso amalandira kalata yowauza kopita n'kupita kukalalikira m'maiko a eni, ndipo zimenezo ine ndimaziyamikira.

Koma kunyanja kuno si tchire logoma. Mizikiti ilipo kuyambira makedzana, Anglican ndi CCAP zinazika mizu. Amene kalata idzamugwetsere ku Mangochi ayambe waphunzira kupereka moni m'Chiyao, ndipo asabwere m'mawa ngalawa zikukocheza, sadzapeza womumvera.