Kodi Roger Federer anayambira pati?

FUNSO: Ndinamva kuti Roger Federer, katswiri wa tenesi uja, anabwerapo kuno ku Malawi. Kodi mkuluyu anayamba bwanji masewerawa, nanga kwathu kuno anadzatani? — Wowerenga, Zomba

YANKHO: Munamva zoona, anabweradi. Koma tiyambe ndi kumene anachokera.

Federer anabadwa pa 8 Ogasiti 1981 mumzinda wa Basel ku Switzerland. Bambo ake ndi a ku Switzerland komweko, pomwe mayi ake, a Lynette, kwawo ndi ku South Africa. Ali mwana ankatolera mipira akatswiri akamasewera pa mpikisano wa mumzindawo. Ankamenyanso bwino mpira wamiyendo, koma atafika zaka 12 anasankha tenesi.

Amene anamuonera atakhwima amamudziwa monga munthu wodekha. Paunyamata sanali choncho ayi. Akaphonya mpira ankapsa mtima n'kuponya chomenyera pansi, akagonja ankalira. Amene anamusula kamenyedwe kokongola kaja anali mphunzitsi wa ku Australia, Peter Carter. Mu 2002 Carter anamwalira pa ngozi ya galimoto ku South Africa. Imfayo inamupweteka Federer, koma inamukhwimitsanso maganizo, moti chaka chotsatira anatenga chikho cha Wimbledon koyamba.

Zikho zikuluzikulu, zija amati Grand Slam, anatenga 20: Wimbledon ka 8, Australian Open ka 6, US Open ka 5, ndipo French Open kamodzi kokha, mu 2009, poti bwalo ladothi la ku Paris linali ndi mwini wake, Rafael Nadal. Masabata onse amene anakhala nambala wani padziko lonse ndi 310. Bondo litamuvuta, anatsanzikana ndi masewerawa mu Seputembala 2022 ku London, akusewera mbali imodzi ndi Nadal yemwe ankamusowetsa mtendere uja.

Tsopano za kwathu kuno. Mu 2003 anakhazikitsa bungwe la Roger Federer Foundation lothandiza maphunziro a ana, ndipo ntchito yake yoyamba inali ku South Africa, kwawo kwa mayi ake. Ku Malawi bungweli linayamba mu 2011, mogwirizana ndi ActionAid, kutukula sukulu za mkombaphala za m'midzi ndi kuphunzitsa alezi a ana. Mu Julayi 2015 mwini wake anabwera kudzaona ntchitoyo ndi maso. Choncho ulendo munamva uja sunali wodzasewera tenesi, unali wodzayendera sukuluzo.