Za Mboni za Yehova Zimene Zinapitikitsidwa m'Midzi

Inu abale a ku Mpingu ndi ku Namitete muudziwa mseu waukulu wocokera ku Lilongwe, wopita ku Mchinji ndi ku malire a Zambia. Kumadzulo komweko ndiko kunathawira khamu la anthu a dziko lino m'caka ca 1972, osati cifukwa ca nkhondo kapena njala, koma cifukwa anansi ao anawaukira.

Anthuwo ndiwo a Mboni za Yehova. Mlandu wao unali wakuti anakana kugula khadi la cipani ca Malawi Congress, pakuti cikhulupiriro cao ciwaletsa kulowa m'ndale. Boma la Dr. Banda linaletsa mpingo wao mu October 1967. Ndipo mu September 1972 msonkhano waukulu wa cipani unapangana kuti acotsedwe pa nchito, ndi kuti okhala kumidzi apitikitsidwe. Pamenepo anyamata a Youth League ndi a Young Pioneers anayamba kuwamenya, natentha nyumba ndi nkhokwe zao, nacitira akazi zamanyazi, ena anaphedwa.

Tsono apa ndipo tiyenera kuima pang'ono. Lamulo linacokera kutali, inde. Koma lamulo silidziwa khomo la munthu. Amene analoza nyumba anali a m'mudzi momwemo, otunga pa citsime cimodzi, oika maliro ao m'manda amodzi. Ambiri a iwo anali obatizidwa, ndipo tsiku la Mulungu anali kukhala m'kacisi. Ife sitibvomerezana ndi a Mboni pa ziphunzitso zambiri, ndipo sitibisa. Koma kusiyana pa Malembo sikunapatse munthu ali yense ufulu wakuyatsa denga la mnzace. Mudzi wa Acewa uli ndi mwambo wakuti moto ukabuka onse athamanga ndi mitsuko. Masiku aja ambiri anatseka zitseko, popeza wothandiza wa Mboni anali kuyesedwa mdani wa boma.

Pafupi-fupi 20,000 anaoloka malire, nakasonkhana pa Sinda Misale m'Zambia, kumene ambiri, makamaka ana, anafa ndi matenda. Mu December caka comweco anabwezedwa kuno. Posapeza mtendere anathawiranso ku Mozambique. Ndipo mu 1975 ambiri anabwezedwanso, natsekeredwa zikwi-zikwi m'ndende ya Dzaleka ku Dowa. Taganizani munthu wofesa mbeu m'maiko atatu, osadziwa ngati adzakolola.

Nanga mipingo yathu inanena ciani? Kunena zoona, poyera inakhala cete zaka zambiri. Mau omveka odzudzula nkhanza za boma anadza pa 8 March 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'machalichi ao onse, ku Likuni ndi ku Nambuma komwe. Koma apo nkuti zitapita zaka 20 cipserere nyumba zija. Ciletso ca Mboni cinacotsedwa pa 12 August 1993, anthu atasankha kale zipani zambiri mu June, ndipo othawa anayamba kubwera kwao kudzamanganso pa mabwinja.

Ndende ya Dzaleka inasandulika msasa wa othawa kwao mu 1994. Pa malo pamene anasungirapo Amalawi okanidwa ndi abale ao, dziko lino linayamba kulandirapo alendo a ku Rwanda, Burundi ndi Congo.